Timu ya njinga yandiitana, yunivesite yandipatsanso malo: ndisankhe chiti?

Kamtsetse19:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi zaka 18, ndipo chaka chamawa ndilowa m'gulu la U23, la opalasa a zaka zosakwana 23. Timu ina ya Continental, gawo lapansi la matimu a mpikisano wa njinga, ikufuna kundilemba kwa chaka chimodzi. Njinga, zovala ndi maulendo a ku mipikisano ndi zawo, koma malipiro a pamwezi palibe. Nthawi yomweyonso ndapeza malo ku yunivesite, maphunziro a uinjiniya a zaka zinayi. Ndimalemera makilogalamu 62, pa mayeso a mphindi 20 ndimatulutsa mphamvu ya ma watt 335, ndipo ndimapalasa maola 13 mpaka 15 pa sabata. Makolo akuti sukulu basi. Ndikufuna kumva kwa anthu oidziwa bwino nkhaniyi, osati ongondilimbitsa mtima.

Giya53:
Tisanapite patali, timuyo ndi yotani? Ndi nthambi ya achinyamata ya timu ya WorldTour, gawo lapamwamba kwambiri, kapena ndi yoima payokha?

Kamtsetse19:
Ndi yoima payokha. Ili ndi opalasa 12.

Giya53:
Ndiye musasiye sukulu.

KochiWaChitunda:
A Giya53, mwafulumira kugamula, ngakhale mwina tikathera pamodzi. Mnyamatayu ayambe wadziwa pamene timuyo yaima. Matimu olembetsedwa ku UCI, bungwe loyendetsa mpikisano wa njinga padziko lonse, ali m'magawo atatu. Pamwamba pali WorldTour: matimu 18 a amuna, ndipo iliyonse siiloledwa kupitirira opalasa 30. Mukawerengetsa, malo onse sapitirira 540, dziko lonse lapansi. Pakati pali ProTeam, pansi pali Continental. Malipiro ochepetsetsa okhazikitsidwa ndi lamulo ali m'magawo awiri apamwambawo basi: ku WorldTour ndi kupitirira 40,000 euro pachaka, ku ProTeam kupitirira 30,000, ndipo wongolowa kumene amalandira zocheperapo. Ku Continental UCI siiika malipiro ochepetsetsa, imasiyira bungwe la njinga la dziko lomwe timuyo yalembetsedwa. N'chifukwa chake munthu akhoza kuvala yunifolomu yokongola, dzina lake n'kuoneka pa zotsatira za UCI, koma osalandira kanthu mwezi ukatha.

Tsopano manambala anu, mphwanga. Ma watt 335 pa makilogalamu 62 ndi 5.4 pa kilogalamu iliyonse. Tikachotsapo 5 peresenti monga timachitira poyerekeza mphamvu imene munthu angaisunge kwa ola, tipeza ma watt 318, kapena 5.1 pa kilogalamu. Kwa wazaka 18 wopalasa maola 14 pa sabata, zimenezi ndi zabwino ndithu, sindikunyengererani ayi. Koma okwera mapiri a WorldTour amasunga 6 kapena kupitirira apo kwa theka la ola, ndipo amachita zimenezo atapalasa kale maola anayi, nthawi zina m'sabata yachitatu ya mpikisano. Mayeso a mphindi 20 ochita miyendo ili yopumula sauza timu zambiri. Chitani chonchi: palasani maola atatu molimbikira mpaka kompyuta ya panjinga ionetse kuti mwagwiritsa ntchito ma kJ 2,000 (muyeso wa mphamvu yonse imene mwatulutsa), mukudya bwino m'njira, kenako chitani mayeso omwewo pa chitunda chomwecho. Kusiyana kwa manambala awiriwo n'kumene makochi amakuyang'ana kwambiri masiku ano.

Komanso tsimikizirani kuti 335 ndi yoona. Power meter, chipangizo choyeza ma watt, ikakhala ya mwendo umodzi imangochulukitsa kawiri mphamvu ya mwendo wamanzere, ndiye ngati mwendo umenewo uli wamphamvu kuposa unzake, nambala imakwera mwabodza. Ichiteni zero offset, kutanthauza kuibwezera pa ziro, musanayambe, ndipo dziyezeni kulemera m'mawa pa sikelo yomweyo nthawi zonse.

MphepoYamkuntho:
Ine ndikutsutsana nanu nonse amene mukukokera ku sukulu. Yunivesite munthu akhoza kulowa ali ndi zaka 25 kapena 30, palibe angamubweze. U23 imayamba pa 19 n'kutha pa 22, ikatha yatha. Ndipo masewerawa asintha. Egan Bernal anapambana Tour de France mu 2019 ali ndi zaka 22. Tadej Pogačar anaipambana mu 2020 ali ndi 21. Remco Evenepoel anachoka ku juniyo (gulu la zaka 17 ndi 18) n'kulowa WorldTour mu 2019 osadutsa n'komwe ku U23. Matimu akuluakulu ayamba kulemba ana a zaka 17 ndi 18. Wodikira kuti amalize digiri ali ndi zaka 23 adzapeza malo atatengedwa ndi ang'ono ake.

MayiWaMasamu:
A Mphepo, mwatchula anthu atatu amene dziko lonse likuwadziwa, koma amene anayamba nawo limodzi n'kubwerera kwawo chimanjamanja simunawatchule, poti mayina awo sitiwadziwa. Onaninso bwino za Evenepoel. Mu 2018 anapambana mipikisano yonse iwiri ya juniyo ya dziko lonse, wapamsewu ndi wa time trial (wopalasa aliyense payekha polimbana ndi nthawi), ku Innsbruck. Matimu ndi amene ankamulimbirana, ndi ndalama patebulo. Sanasiye chilichonse chifukwa cha njinga yobwereka ndi zovala. Mwana wathuyu sali pamenepo, ndipo kumuuza zoona si kumufooketsa.

Alipo amene anagwira zonse ziwiri. Romain Bardet anakhala wachiwiri pa Tour de France mu 2016, ndipo anaphunzira za kayendetsedwe ka bizinesi ku Grenoble. Guillaume Martin ali ndi digiri yachiwiri ya filosofi. Anna Kiesenhofer, dokotala wa masamu, anatenga mendulo ya golide pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021 alibe timu yomulipira. Kristen Faulkner anaphunzira ku Harvard, anagwira ntchito ya muofesi, njinga anaiyamba ali wamkulu, koma mu 2024 anapambana mpikisano wapamsewu wa Olympics ku Paris.

MphepoYamkuntho:
Amayi, inunso mwachita zomwezo, mwangosankha opambana a mbali yanu. Komanso awiri mwa iwo ndi a mpikisano wa amayi, kumene malipiro ochepetsetsa a WorldTour angoyamba mu 2020, pa 15,000 euro. Kumeneko kukhala ndi ntchito ina kunali kokakamizika, ndipo olowa mochedwa anali ambiri. Kwa amuna khomo ndi lopapatiza ndipo limatsekeka msanga.

MayiWaMasamu:
Pamenepo ndavomera, mpikisano wa amayi ndi wa amuna sizinafanane pa nkhani ya msinkhu wolowera. Koma mfundo yanga ikadalipo. Wophunzira akalephera pa njinga amatsala ndi pepala. Wosiya sukulu akalephera amatsala ndi chiyani?

Sipoko32:
Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Uinjiniya si maphunziro ochita mwa apo ndi apo. Akagwira zonse ziwiri adzalephera mayeso, mpikisano adzamaliziranso kumbuyo.

ZaNdandanda:
A Sipoko32, tiyeni tiwerengetse maola tisanamuopseze. Sabata ili ndi maola 168. Wopalasa wa msinkhu uwu amafunika kugona maola 8 kapena 9 usiku uliwonse, tinene 60 pa sabata. Wa U23 wa chaka choyamba amapalasa maola 15 mpaka 18, osati 25 kapena 30 monga a WorldTour m'masabata awo olemera. Onjezanipo maola 5 kapena 6 a kuvala, kusamba, kutsuka njinga ndi kulimbitsa thupi ku jimu. Sukulu ya uinjiniya, makalasi, labotale ndi kuwerenga pawekha, itenga maola 40 kapena kuposerapo. Zonse pamodzi zikukwana 125 kapena pamenepo. Zikutheka, koma zocheza zimatheratu, ndipo tsiku limodzi likasokonekera sabata yonse imapendekeka.

Chimene chimagwetsa ophunzira si maola a kupalasa ayi, ndi masiku a ulendo. Mpikisano wa masiteji wa masiku asanu umadya masiku 7 kapena 8 ukaphatikiza kupita, kubwera ndi tsiku lotsatira limene mutu sugwira kanthu. Maphunziro ongowerenga mabuku ukhoza kuwanyamula pa laputopu. Labotale sunganyamule, ndipo mayunivesite ambiri salola munthu kulemba mayeso ngati anajomba mopitirira malire awo. Choncho a Kamtsetse19, tengani kalendala ya sukulu ndi kalendala ya timu, muziike pamodzi, mulembe chizindikiro paliponse pamene zawombana. Kenako pitani ku ofesi yolembetsa ophunzira mukafunse zinthu zitatu, ndipo yankho likhale lolembedwa: kodi malo angasungidwe kwa nthawi yaitali bwanji musanayambe kapena muli pakati, kodi mungatenge makosi ochepa pa semesita n'kumaliza m'zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo ngati pali sikolashipu kapena ngongole ya maphunziro, kodi imaima nanu kapena imatayika.

Ndi kochi wanu konzani kuti masabata opumula azigwera nthawi ya mayeso. Thupi silisiyanitsa kutopa kwa mayeso ndi kutopa kwa chitunda. Amene amachita masewera olemera m'sabata ya mayeso, akugona maola asanu, ndi amene amadwala chimfine chosatha n'kutaya mwezi wathunthu.

Giya53:
Jonas Vingegaard ankagwira ntchito m'fakitale ya nsomba m'mawa, masana n'kumapalasa, ali ku timu ya Continental ku Denmark. Pambuyo pake wapambana Tour mu 2022 ndi 2023. Kukhala ndi chochita china pa msinkhu uwu sikupha miyendo.

ZaMapepala:
Ine ndikambe za kontrakiti, chifukwa aliyense akukamba ngati timuyo ndi yodalirika kale. Mphwanga, musasaine kanthu musanaone kalendala ya mipikisano yolembedwa. Timu ya Continental phindu lake ndi limodzi: kukuikani pamene anthu olemba opalasa akuonera. Funsani kuti pa mipikisano imene akulonjeza, ingati ili pa kalendala ya UCI, ya magulu a 1.2, 2.2, 1.1 kapena 2.1 (oyamba ndi 1 ndi a tsiku limodzi, oyamba ndi 2 ndi a masiku angapo), ndipo ingati ili ya U23. Funsaninso kuti chaka chathachi anapitadi ku ingati. Zimenezi mukhoza kuziona nokha pa mawebusayiti a zotsatira za mipikisano, ProCyclingStats kapena FirstCycling: lembani dzina la timuyo, tsegulani opalasa ake mmodzimmodzi, muone masiku amene aliyense anapikisana. Muonenso ngati m'zaka zisanu zapitazi alipo amene anachoka kumeneko n'kukwera ku ProTeam kapena WorldTour. Ngati palibe ndi mmodzi yemwe, musaganize kuti mudzakhala woyamba chifukwa cha timuyo.

Mpikisano umodzi umalola opalasa 5 mpaka 7 pa timu m'magulu amenewa. Mwa anthu 12, wongobwera kumene wa zaka 19 ndi amene amasiyidwa poyamba. Ndiye kalendala ya timu si kalendala yanu.

Kenako inshuwalansi. Ndani alipira chipatala mukagwa pa mpikisano kunja kwa dziko lanu? Nanga mukagwa pa masewera okonzekera, muli nokha pamsewu? Nanga ndege yokubwezerani kwanu mutavulala? Felemu ya kaboni ikasweka pa ngozi, abweza ndani? Njingayo ndi yanu chaka chikatha kapena mudzaibweza? Ndalama za mphotho zimagawidwa bwanji? Mwambo wa masewerawa ndi woti mphotho imaikidwa pamodzi n'kugawana ndi anzako komanso amakaniko ndi osamalira opalasa. Ngakhale 500,000 euro ya wopambana Tour de France imagawidwa motero. Musawerengere mphotho ngati malipiro.

Chofunika kwambiri, m'kontrakitimo mukhale mawu akuti timu ya gawo lapamwamba ikakufunani, adzakumasulani popanda kulipiritsa. Kuyambira pa 1 Ogasiti chaka chilichonse matimu akuluakulu amaloledwa kutenga achinyamata oti ayesedwe mpaka kutha kwa nyengo, amene amatchedwa ma stagiaire. Ambiri amalowera khomo limenelo. Ndipo kontrakiti yoyamba ya wachinyamata wolowa ku ProTeam kapena WorldTour imayenera kukhala ya zaka zosachepera ziwiri. Pepala lotero likadzabwera, nkhani ya kuimitsa sukulu idzakhala yomveka.

Timu iliyonse imene ikukuuzani kuti mulipire kuti ikulembeni, kapena munthu amene akuti ndi ejenti n'kumafuna ndalama asanakupezereni kanthu, mutalikirane naye. Ma ejenti ovomerezeka ali ndi chiphaso cha UCI, ndipo amalandira gawo la malipiro kontrakiti ikasainidwa.

MphepoYamkuntho:
Zonsezi ndi zoona, koma mukumuuza mwana kuti akafunse mafunso khumi kwa timu imene ili ndi anyamata ena makumi awiri odikira malo omwewo. Adzangomudumpha.

ZaMapepala:
Timu imene ingamudumphe chifukwa chofunsa za inshuwalansi yamuchitira chifundo. Dziwaninso kuti ngakhale matimu aakulu amatha. Mpikisano wapamsewu ulibe geti yolipiritsa oonerera, ndiye pafupifupi ndalama zonse za timu zimachokera kwa makampani othandiza. Kampani ikachoka, timu imagwa. HTC-Highroad inali pakati pa matimu opambana kwambiri padziko, koma inatsekedwa kumapeto kwa 2011. Timu ya Qhubeka, imene Daniel Teklehaimanot wa ku Eritrea anavalira malaya a wokwera mapiri pa Tour ya 2015, inatha kumapeto kwa 2021. B&B Hotels inagwa mu Disembala 2022, nthawi imene matimu ena anali atadzaza kale malo awo. Ngati zimenezi zimachitika pamwamba, nanga pansi?

Sipoko32:
Funsaninso ngati matcheni ndi matayala a masewera okonzekera akupatsani. Wopalasa makilomita 20,000 pachaka amatha matcheni anayi kapena asanu, ndipo matimu ang'onoang'ono ambiri amangopereka zida za tsiku la mpikisano.

PhulaPaTcheni:
Anayi kapena asanu ngati akuthira oyilo. Tcheni chonyikidwa mu phula losungunula chimakhalitsa kwambiri chifukwa mchenga sumatirira. Chofunika n'kuchotseratu mafuta a ku fakitale musanachinyike koyamba, apo ayi phulalo silikhala.

Sipoko32:
Kukagwa mvula phula lanulo limachoka, tcheni n'kuyamba kulira ndi kuchita dzimbiri usiku umodzi.

PhulaPaTcheni:
Mukachipukuta n'kuchiumitsa mutangofika sichichita dzimbiri. Khalani ndi matcheni awiri, muzisinthanitsa. Kaya oyilo kaya phula, gulani kachitsulo koyezera tcheni. Pa magiya 11 kapena 12 akumbuyo, chikatamuka kufika pa 0.5 peresenti chisintheni. Mukachedwa chimadya mano a kaseti (magiya akumbuyowo), tcheni chatsopano n'kumadumpha, ndiye mugule zonse ziwiri.

MayiWaMasamu:
Abambo inu, mwanayu wafunsa za tsogolo lake. Za phula tsegulirani kwina.

NamwinoWaMasewera:
Ndibwezereko ku nkhani ndi mbali ya thupi, chifukwa ndi imene imathetsa ntchito za ambiri. Choyamba, a Kamtsetse19, mwauzidwa za ma watt pa kilogalamu, ndipo ndikudziwa chimene achinyamata amaganiza akamva zimenezi: nditsike pa 62 ndifike pa 58, nambala ikwere. Musayese. Pa zaka 18 thupi likukulabe ndipo mafupa akulimbabe. Munthu akamadya zochepa poyerekeza ndi ntchito imene akugwira, masabata oyamba amaoneka ngati akuuluka pa chitunda, kenako mphamvu zimatsika, tulo timasowa, matenda amabwera motsatizana, mahomoni amasokonekera, mafupa amafooka. Kwa atsikana chizindikiro choyamba nthawi zambiri ndi kusiya kusamba. Kupalasa pakokha sikulimbitsa mafupa chifukwa kulemera kwa thupi kumakhala pa chishalo, n'chifukwa chake kunyamula zitsulo kawiri pa sabata n'kofunika. Pa ulendo wopitirira maola awiri idyani magalamu 60 mpaka 90 a makabohaidireti (shuga ndi sitalichi) pa ola lililonse. A WorldTour amafika 120 pa mpikisano, koma amayamba azoloweretsa mimba pang'onopang'ono.

Chachiwiri, kugwa. Aliyense wopikisana pagulu amagwa, funso ndi lakuti liti. Fupa limene limathyoka kawirikawiri ndi lija lolumikiza phewa ndi chifuwa, poti munthu amagwera phewa kapena amatchinjiriza ndi dzanja. Limatenga masabata 6 mpaka 8 kuti ligwirane. Kwa wokhala ndi kontrakiti ya chaka chimodzi, likathyoka mu Epulo ndiye kuti theka la mwayi wodzionetsa lapita. Choopsa kwambiri kwa wophunzira ndi kugwedezeka kwa ubongo. Helemeti ikasweka kapena kuphwanyika, mutu ukupweteka, kuwala kukusowetsani mtendere, mukuiwala zimene zachitika, musakwerenso njinga tsiku limenelo, ndipo helemetiyo itayeni. Kuwerenga ndi kuyang'ana pa kompyuta kumavuta kwa masiku kapena masabata. Kalata ya dokotala ipite ku sukulu mwamsanga, osadikira kuti mayeso alephereke.

Musanasankhe chilichonse kayezetseni mtima ndi ECG, komanso magazi, makamaka ayironi. Zimakhala zomvetsa chisoni munthu kusiya sukulu kenako n'kuuzidwa kuti mtima wake suloledwa kupikisana.

Giya53:
Onjezanipo za mankhwala oletsedwa. Lamulo ndi lakuti chilichonse chopezeka m'thupi mwanu ndi mlandu wanu, kaya munadziwa kaya simunadziwe. Chilango chimafika zaka zinayi. Mankhwala ena a chimfine ogula popanda kalata ya dokotala ali ndi zinthu zoletsedwa pa mpikisano, ndipo maufa owonjezera mphamvu nthawi zina amakhala ndi zimene sizinalembedwe pa chitini. Tramadol UCI inailetsa pa mpikisano kuyambira 2019. Mukadzakwera n'kulowa m'gulu loyezedwa nthawi iliyonse, muzidzalemba komwe muli tsiku ndi tsiku ndi ola limodzi loti akupezeni. Kuphonya katatu m'miyezi 12 ndi mlandu ngakhale magazi ali oyera.

PasipotiYobiriwira:
Palibe amene watchula viza. Mipikisano imene olemba opalasa amaionera kwambiri ili ku Belgium, France, Italy, Spain ndi Netherlands, kuyambira Febuluwale mpaka Okutobala. Ngati pasipoti yanu si ya ku Ulaya, viza wamba ya Schengen, yolowera maiko amenewa, imakulolani masiku 90 okha m'masiku 180 alionse. Amawerengera chobwerera m'mbuyo kuchokera tsiku limene muli, ndiye kutuluka sabata imodzi n'kubwereranso sikufufuta masiku akale. Kuti mukhale nyengo yonse pamafunika chilolezo chokhalitsa, ndipo chimenechi n'chovuta kuchipeza popanda kontrakiti yolipira. Apa mpamene sukulu imasanduka bwenzi: wolembetsa pa yunivesite ya dziko limene kuli mipikisano amapeza viza ya wophunzira, n'kumapikisana Loweruka ndi Lamlungu ndi kalabu ya konko.

Njira ina ndi World Cycling Centre ya UCI ku Aigle, m'dziko la Switzerland, imene ilinso ndi nthambi ku Paarl ku South Africa. Kumeneko munthu amapita kudzera ku bungwe la njinga la dziko lake. Biniam Girmay anadzera ku Aigle mu 2018, anatenga siliva pa mpikisano wa dziko lonse wa U23 mu 2021, anapambana Gent-Wevelgem mu 2022, ndipo mu 2024 anapambana masiteji atatu ndi malaya obiriwira a wotsogola pa mapointi pa Tour de France. Choncho mpikisano wa dziko lanu ndi kusankhidwa m'timu ya dziko musazipeputse. Nthawi zina zimatsegula khomo kuposa timu ya Continental yosadziwika.

KochiWaChitunda:
Ndionjezere za moyo wa pambuyo pake, poti a Mphepo akukamba ngati kulowa WorldTour ndiye kufika. Ambiri mwa olowa sakhala atsogoleri. Ntchito yawo ndi kutchingira mtsogoleri mphepo, kukatenga mabotolo ku galimoto ya timu, kumupatsa gudumu lawo lake likaphulika. Makontrakiti ambiri ndi a chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo miyezi ya Julaye mpaka Okutobala imakhala ya nkhawa kwa aliyense amene kontrakiti yake ikutha. Ena amalembedwa ngati odzilemba okha ntchito, ndalama imaoneka yambiri koma msonkho, inshuwalansi ndi penshoni amalipira okha. Wofika zaka 35 akupalasabe ndi wamwayi. Marcel Kittel, wopambana masiteji 14 pa Tour, anasiya mu 2019 ali ndi zaka 31 n'kupita ku yunivesite. Ntchito zotsalira m'masewerawa zilipo, za ukochi, za umakaniko, za woyendetsa timu pa mpikisano, koma malo ndi ochepa poyerekeza ndi opuma chaka chilichonse.

Ndipo uinjiniya umene mwapatsidwawo suli kutali ndi njinga. Dan Bigham wa ku Britain anaphunzira uinjiniya, ankagwira ntchito yochepetsa kulimbana ndi mphepo ku timu ya Ineos, ndipo mu Ogasiti 2022 iye mwini anaphwanya mbiri ya dziko lonse ya mtunda wopalasa mu ola limodzi, makilomita 55.548. Matimu ndi makampani opanga njinga akufuna anthu odziwa masamu a mphepo, zida ndi manambala a mphamvu, amene akudziwanso mmene mpikisano umamvekera m'miyendo.

Kamtsetse19:
Zikomo nonse. Ndafufuza monga mwanenera. Yunivesite yati malo ingasunge chaka chimodzi chokha pa maphunziro onse, kaya ndisanayambe kaya ndili pakati, ndipo ikhoza kulola makosi ochepa pa semesita ngati bungwe la njinga lalemba kalata. Timuyo chaka chatha inapita ku mipikisano inayi ya UCI, ndipo sindinapeze amene anakwerako kuchokera kumeneko. Mayeso a pambuyo pa ma kJ 2,000 ndapeza ma watt 301.

MphepoYamkuntho:
Ndiye tengani chaka chosungidwacho pompano, mupalase maola 20 pa sabata, muone pamene mungafike. Mukalephera sukulu ilipo.

KochiWaChitunda:
Ayi a Mphepo, apa ndiye ndikukana kwathunthu. Chaka chosungidwacho ndi chimodzi, ndipo mukufuna achithere pa mipikisano inayi imene mwina apita ku iwiri. Kutsika kuchoka pa 335 kufika pa 301 ndi 10 peresenti, ndipo zikusonyeza chimene chikusowa: kupirira kumene kumabwera ndi zaka za kupalasa maulendo aatali mofatsa. Chimenechi sichifuna kuti munthu asiye sukulu, ndipo sichibwera podumpha kuchoka pa maola 14 kufika pa 20 mwadzidzidzi. Kudumpha kotero kumabweretsa mawondo otupa ndi kutopa kosatha. Onjezani ola limodzi kapena awiri pa sabata chaka chilichonse, ulendo wautali wa maola anayi kapena asanu ukhale tsiku lopanda makalasi.

Mphwanga, yambani sukulu, mutenge makosi ochepa ngati akulolani. Uzani timuyo kuti mungabwere pokhapokha ivomereze kalendala yanu ya mayeso ndipo ilembe za inshuwalansi ndi za kukumasulani. Ikakana, kalabu yabwino ndi timu ya dziko zikukwanirani chaka choyamba. Mudziikire malire olembedwa pamodzi ndi makolo ndi kochi: pofika kumapeto kwa chaka chachiwiri cha U23, mphamvu ya mphindi 20 mutatopa ifike pamene lero mukufika muli wopumula, mumalize mipikisano ya UCI m'gulu lotsogola osati kungomaliza, ndipo pakhale timu ya achinyamata ya WorldTour kapena ProTeam imene yapempha mafayilo a manambala a maulendo anu apanjinga. Zikachitika, chaka chosungidwa chija muchigwiritse ntchito pamenepo, muli ndi zaka 20 kapena 21, U23 isanathe. Zikapanda kuchitika, mudzakhala mwapita patali ndi digiri ndipo njinga mukupalasabe.

MphepoYamkuntho:
Ndikuonabe kuti zaka ziwiri za theka-theka zimabala zotsatira za theka. Koma pa mipikisano inayi, ndavomera kuti timu imeneyi si yoithera chaka.

ZaMapepala:
Mafayilo amene atchula a Kochi muyambe kuwasunga lero. Ulendo uliwonse ulowe mu akaunti imodzi, monga ya TrainingPeaks, ndi power meter ndi lamba woyeza kugunda kwa mtima, osadumpha masiku oipa, chifukwa matimu amafuna kuona chaka chathunthu kapena ziwiri, osati masiku atatu abwino. Kulemera kwanu muzikulemba moona. Akakuitanani adzakuyezani okha. Matimu a achinyamata ambiri amayamba kudzaza malo a chaka chotsatira pakati pa chaka, ndiye kalata yanu ifike mu Meyi kapena Juni, yaifupi: msinkhu, kulemera, mphamvu ya masekondi 5, ya mphindi imodzi, 5 ndi 20, zotsatira zisanu zabwino kwambiri, pasipoti imene muli nayo, ndi miyezi imene sukulu imakumasulani.